Buledi Wanga wa Mgonero

Lolemba

Lamulungu kutchalitchi kuli Mgonero. Wapitawu mbale ya buledi inandidutsa anthu akuona, ndiye Domasi yense anagamula kale: akuti ndinadulidwa mumpingo. Ena akuti ndi mowa, ena akuti ndi mwamuna wamwini. Ine, mawondo olira ngati chitseko chakalewa!

Zoona zake: adokotala ku Zomba anati ndili ndi siliyaki, matumbo anga amadana ndi tirigu. Kanyenyeswa kokha, masiku atatu kuchimbudzi.

Zoletsedwa: buledi, mandasi, masikono, mabisiketi.
Zololedwa: kuonerera anzanga akudya.

Nzeru ndapeza. Ndiphika buledi wanga wa ufa wampunga, ndidye Mgonero mpingo wonse ukuona, pakamwa pa anthu patsekeke.

Lachiwiri

Ku chigayo ku Songani ndi ndowa ya mpunga. Wachigayo akuseka: "Mpunga kugaya, mayi? Mano anatha?" Ndikufotokoza za tirigu. Mayi wina pamzere akuti ndi zilonda zam'mimba, ndimwe nimu. Wina akuti anandidyetsa kanthu pamaliro. Kuno aliyense ndi dokotala, bola matendawo akhale a mnzake.

Lachitatu

Makala pansi pa poto, makala pachivindikiro. Buledi woyamba watuluka njerwa. Galu wanunkhiza, wandiyang'ana, wachoka. Wachiwiri wangoyoyoka m'manja ngati mchenga. Shuga wapita, mazira apita. Ndatopa!

Lachinayi

Watupa! Wofewa, wonunkhira. Ndadya mapisi awiri ndikuimba nyimbo yakwaya. Koma abambo akunyumba akumwetulira moonjeza. Ndawapanikiza, avomera: ndili kumjigo, anathira ufa watirigu mumtandamo. "Kakapu kamodzi kokha, amayi, kuti ugwirane. Ndimakumverani chisoni."

Chisoni chimenechi chidzandipha.

Lachisanu

Mimba yatupa kuposa buledi uja. Njira yakuchimbudzi ndaisalaza ndi mapazi. Mayi Sapuwa, anzanga akukwaya amene nkhani siziwadutsa, abwera kudzandizonda. Anyamula chiyani? Masikono! Atsitsa mawu: "Ngati pali china, anzanga, ululani. Abusa ndi omvetsa." Ndaulula kuti ndi tirigu. Apukusa mutu ngati ndikuwanamiza. Masikono adya abambo, alibe ndi manyazi omwe.

Loweruka

Abambo ndawatuma ku Songani kukagula machesi amene tili nawo kale. Ndatseka khitchini. Ufa wampunga, nthochi, dzira limodzi. Katuluka kabuledi kotuwa, kolimba pang'ono, koma kopanda tirigu.

Ndapita nako kwa a Likoswe, mkulu wampingo amene amakonza gome la Mgonero. Ndafotokoza katatu: kakhale pakokha, mbale yakeyake, mpeni wina. Avomera ndi mutu katatunso. "Musadandaule, mayi. Zonse zikhala mwadongosolo."

Mawu amenewa akundiopsa.

Lamulungu

Ndavala zoyera, ndakhala kutsogolo kuti aliyense andione. Mbale ikufika, imodzi yokha. Tizidutswa toyera ndi totuwa tasakanikirana, nyenyeswa ponseponse. A Likoswe akundinong'oneza monyadira: "Tadula pamodzi, mayi. Pagome la Ambuye sitisankhana. Mukadachita manyazi ndi mbale yanokha."

Mtima wandipweteka, misozi yalengeza. Achita mwachikondi, ndiye ndikalipire ndani? Mayi Sapuwa akundiyang'ana cham'mbali. Ine ndikukumbukira Lachisanu. Mbale ndaipereka kwa mnzanga, osatola kanthu.

Potuluka anthu akuyamikira buledi wotuwa uja, akuti kukoma ngati chigumu. Mayi Sapuwa akufunsa amene anaphika. Ine ndangolunjika njira yakunyumba. Andigwira mkono: "Tikukupemphererani, anzanga. Mudzabwerera."

Mpingo wonse wadya buledi wanga kupatula ine. Basi, anene kuti ndinadulidwa. Bola m'mimba muli zii.