Mtsutso Wopanda Mawu ndi Phazi la Amayi Anga

Kwa Olemekezeka Kwambiri,
Wapampando wa Komiti Yokonza Mitsutso ya pa Kanema,

Bwana,

Ndagwada, ngakhale simukundiona. Pepani kuti munthu wamba ngati ine, woluka ndi kuwotcha tsitsi la azimayi m'kasaluni ka chipinda chimodzi, ndikudetsa tebulo lanu ndi kalata. Ndikudziwa kuti muli ndi ntchito zikuluzikulu, monga kusankha mtundu wa makatani oti apachikidwe kumbuyo kwa ofuna mipando. Koma paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kuno wamva m'mimba ndine, ngakhale chomwe chikuwawa kwenikweni ndi phazi la amayi anga. Amayiwo amadwala shuga. Chala chachikulu cha phazi lawo lakumanzere chili ndi bala losapola, ndipo adokotala ananena mosapsatira mawu kuti jakisoni wawo wa tsiku ndi tsiku akapitiriza kusowa kuchipatala, phazilo lidulidwa. Musade nkhawa, Bwana, sindinabwere kudzalira. Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo kwambiri chifukwa cha mtsutso uja munationetsa chisankho chisanachitike. Munachita bwino kuubwereza Loweruka masana, nthawi imene saluni yanga imadzaza mpaka ena kukhala pa zidebe. Muyenera kudziwa kuti kanema wanga alibe mawu. Mlamu wanga, amene amadzitcha wokonza mawailesi, anachotsa sipika kuti akaipukute fumbi, ndipo mpaka lero ikupukutidwabe. Choncho mtsutso wonse tinauonera pakamwa pokha pakugwedera, chomveka m'chipindamo ali makina oumitsira tsitsi.

Mayina a opikisana munawalemba timalemba ting'onoting'ono m'munsi, ndipo ambiri a ife tinali titaweramitsidwa mitu, ndiye tinangowapatsa athuathu. Uja wa suti yogwira thupi, woseka ngati akutsatsa mankhwala otsukira mano, tinamutcha Amano. Uja wa jekete lalikulu ngati lobwereka, wonyamula mulu wa mapepala, tinamutcha Achithukuta, pa chifukwa chomwe kamera yanu inachionetsa bwino zedi. Analiponso ena, koma munawaimika kumapeto komwe nyali sizinkafika, ndiye sitinawavutitse ndi mayina.

Tinaweruza mwachilungamo, Bwana. Mayi wina wogulitsa nsalu, mutu uli m'beseni, anati Amano apambana chifukwa akamayankha ankamuyang'ana iyeyo m'maso. Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka, theka la mutu lolukidwa theka lili nyankhalala, anati munthu wodziwa kuika dzanja pamtima chonchija sangabe ngakhale singano. Amayi anga, omwe ndimawakhazika pakona phazi lili pa kampando, anati mwana ameneyu analeredwa bwino, tangoonani mmene akugwedezera mutu mnzake akamalankhula. Tinagwirizana tonse popanda kukangana kuti Amano pamwamba, Achithukuta pansi penipeni.

Ndiye tamvani chodabwitsa. Patangopita tsiku, nyuzipepala inatuluka ndi maganizo a akatswiri anu, anthu ophunzira, okhala ndi makanema otulutsa mawu mbali zonse. Ananena ndendende zomwe tinanena ife! Akuti Amano anaoneka wakupsa pa utsogoleri, Achithukuta anaoneka wosakhazikika. Ndinanyadira kwabasi. Ndinatumiza uthenga kwa mlamu wanga kuti sipika ija asavutike nayo, ndamupatsa. Mwatiphunzitsa kuti pa ndale makutu ntchito yake ndi kukolekapo ndolo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha belu lanu. Za beluli ndinamva kwa bambo a kunyumba kwanga, omwe amayendetsa lole. Tsikulo anali pamsewu, ndiye mtsutso anaumvera pa wailesi, popanda chithunzi. Abale inu, munthu anafika pakhomo mutu utasokonekera, akuti wapambana ndi Achithukuta. Tinaseka mpaka misozi. Iwo osagonja. Akuti panafunsidwa funso lakuti n'chifukwa chiyani mankhwala amasowa m'zipatala, ndipo Achithukuta anayamba kufotokoza njira yomwe katoni ya mankhwala imayenda kuchokera kunkhokwe kukafika pawindo la chipatala, ndi pomwe imakhotera. Akuti atangoti atchule pokhotera pakepo, belu lanu ngwee, nthawi yatha. Pa funso lomwelo Amano akuti anayankha kuti thanzi ndi moyo, moyo ndi thanzi, ndipo mtundu wa anthu athanzi ndi mtundu wamoyo. Anamaliza nthawi ikadalipo, yotsalayo anangoimwetulira, holo yonse n'kuwomba m'manja.

Amayi anga anawauza akamwini awowo kuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Iwo anadzionera okha ndi maso, ndipo maso sanama. Anawonjezera kuti mwamuna wotuluka thukuta atangoima ndiye kuti akubisa kanthu. Bambo a kunyumba anati thukuta limatuluka munthu akamaganiza, n'chifukwa chake winayo anali wouma gwaa. Kuyambira pamenepo, ngakhale chisankho chitadutsa, awiriwa akafuna kupatsirana mchere patebulo ankadzera mwa ine.

Koma ine beluli ndalikonda. Mavuto athu ndi aatali, belu lanu ndi lofulumira, ndiye n'koyenera kuti mavutowo aphunzire kufupika. Ndinaliyesa kuntchito kwanga. Kasitomala wina atayamba kudandaula kuti mankhwala owongolera tsitsi akumuwotcha pamutu, ndinagogoda chipeso pabeseni n'kumuuza kuti nthawi yake yatha, tsopano alankhule mnzake. Sanabwerenso, koma tsiku limenelo m'saluni munali dongosolo.

Chachitatu, mundithokozere wojambula wanu, munthu wa diso lakuthwa. Ine ndi bambo a kunyumba tinakhala pansi n'kulumikiza zomwe iwo anamva ndi zomwe ine ndinaona. Tinapeza kuti pa nthawi imene Achithukuta ankanena za katoni yosochera, kamera inali ikutsata dontho la thukuta. Linachokera pachipumi, n'kutsetsereka pakati pa maso, n'kukalendewera kunsonga ya mphuno. M'saluni tonse tinasiya kupuma. Wina anati ligwa, wina anati siligwa, mayi wogulitsa nsalu uja anadzutsa mutu m'beseni thovu lili chuchuchu kuti asaphonye. Litagwera papepala tinakuwa ngati chalowa chigoli. Dontho limenelo mwakhala mukulibwereza pang'onopang'ono kuti ngakhale amene anali kumaliro tsikulo alione. Katoni ija palibe kamera inaitsata, ndipo ndikumvetsa, katoni ilibe nkhope.

Apa mundilole ndiyamikire monga wantchito mnzanu, pakuti inu ndi ine ntchito yathu ndi imodzi: munthu amalowa momwe alili, n'kutuluka momwe akufunira kuoneka. Amene anawapaka phaudala Amano ndi kuwadetsa imvi ali ndi dzanja labwino, mumuuze kuti mnzake ndavula chipewa. Kusiyana kwathu n'kochepa chabe. Kasitomala wanga akatuluka amakakopa mwamuna mmodzi, mvula ikamugwera zonse n'kuululika. Wanu amakopa dziko lonse, ndipo mvula imagwa, kusiya, kudzagwanso chaka chinacho, iye ali phee pampando. Alipo anthu amwano omwe akumati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndimawayankha kuti asatinyanse, nyerere sizinaoneke pa kanema.

Chachinayi n'chachifupi. Zikomo chifukwa cha kagome kaja munabisa nako miyendo ya opikisana. Sitinaone yemwe ankanjenjemera maondo, ndipo mwina n'chifukwa chake mpaka lero nkhani za miyendo sizikufika kwa akuluakulu.

Chachisanu, ngati sindinasokoneze kuwerenga, ndithokoze chifukwa cha zipatso zake. Amano anapambana, monga mukudziwa. Amayi anga anavota m'mamawa, atatsamira paphewa langa, phazi litakulungidwa bandeji, atavala diresi lawo la kutchalitchi ngati kuti Amano awaona kudzera m'bokosi loponyamo mavoti. Kuchokera nthawi imeneyo takhala tikupita kuchipatala mosalephera. Pawindo la mankhwala pamakhala mtsikana wina wotopa, amene mwachionekere sanadutse m'manja mwa anthu anu, chifukwa akamanena kuti jakisoni watha samwetulira, saika dzanja pamtima, sationa n'komwe m'maso. Amangoti watha, mukayese kogula. Kogulako ndimayesa, mwezi wina ndimakwanitsa, mwezi wina ayi, ndipo shuga sadikira mwezi wabwino. Mukanamuphunzitsa mtsikana ameneyu kaimidwe ndi kagwedezedwe ka mutu, ndikhulupirira tikanamabwerera kunyumba chimanjamanja koma mitima ili mbee.

M'chipinda chodikiriramo muli kanema, ndipo ameneyo ali ndi mawu. Ndi mmene amayi anga anamvera koyamba mawu a Amano, akudula riboni penapake. Anamvetsera mpaka kumapeto, chibwano chili pa ndodo. Titafika kunyumba anawaitana akamwini awo n'kuwapempha okha kuti awapatsire mchere, popanda kudzera mwa ine. Bambo a kunyumba sanakondwere nako kupambana kwawo pa mkangano uja. Anatuluka panja n'kukaima pafupi ndi lole yawo nthawi yaitali.

Bwana, m'mawa uliwonse ndisanatsegule saluni ndimatsuka bala lija ndi madzi amchere. Chala chinada, ndipo kudako kukukwera. Makasitomala anga ndi anthu aulemu, amanamizira kuti fungo lomwe akulimva ndi la mankhwala a tsitsi. Ndikuchita mantha, ndipo sindibisa. Amayi amenewa ndi omwe anandiphunzitsa kuluka, ataimirira tsiku lonse ndi mapazi omwewa kumbuyo kwa mitu ya anthu.

Koma ndisakuchedwetseni ndi zosaoneka bwino pa kanema. Ndamva kuti mukukonza kale mtsutso wina, wa nyali zochuluka ndi holo yokulirapo, ndipo ndikukufunirani zabwino zonse. Pempho langa ndi laling'ono. Sindikupempha mankhwala ayi. Ndikudziwa kuti imeneyo si ofesi yanu, ndipo ofesi yake sindinapeze woidziwa. Ndikungopempha kuti munditumizireko tepi ya yankho lija lakuti thanzi ndi moyo, moyo ndi thanzi. Poti ndilo linapambana, ndiye kuti ndilo limagwira ntchito. Ndidzasendeza kampando ka amayi pafupi ndi kanema kuti phazi lionere lokha. Chonde akatswiri anu alembe pachikuto kuti lizionera kangati pa tsiku, ndiponso ngati wodwala azionera asanadye kapena atadya.

Ngati sikukuvutitsani, Bwana, tepiyo ifike msanga pang'ono. Adokotala atiuza kuti tipite Lachinayi, amayi asadye kanthu m'mawa mwake, ndipo tinyamule bulangete ndi zovala zosinthira. Ndikulongedza chikwama dzulo, amayi anandiuza kuti nsapato yakumanzere ndisavutike kuipukuta.

Ndine wanu wothokoza mosalekeza,

Woluka tsitsi wa pafupi ndi pokwerera basi,
mwana wa wovota wanu wokhulupirika