Tsiku Limene Ndinaphunzitsa Khoma

Mpaka lero anthu ena ku Ulongwe akandiona amatembenukira kukhoma n'kuyamba kuseka. Sindiwadandaula, ndinaziputa ndekha.

A bungwe la alimi a mbatata anandipempha, poti ndine pulofesolo, kunena kuti mphunzitsi, kuti ndikawafotokozere zimene mabuku a Chipwitikizi amati ciclo económico, kutanthauza kuti malonda amakwera, n'kutsika, n'kudzakweranso. Chinandivuta ndi mutu wolemba pachikwangwani. Nditalemba kuti "Kuzungulira kwa Chuma", mkazi wanga anayasamula.

"Bambo a kunyumba, chikuzungulira n'chiyani apa? Lembani zoti munthu aone ndi maso."

Ndinamumvera mopitirira muyeso. Apongozi anga aakazi ali ndi banka, kagolosale kogulitsa sopo ndi mchere. Ndiye ndinalemba kuti, "Chifukwa Chake Banka ya Apongozi Anga Imafa M'dzinja N'kudzuka M'masika". Ndinakachipachika kumsika osamuonetsa aliyense (nzeru za yekha, paja mukudziwa mathero ake).

Tsikulo, m'dzinja momwemo, holo inadzaza. Ngakhale onyamula katundu panjinga a ku Kalomwe anabwera kudzamva mkamwini akuulula za kwa apongozi. Ndikuti nditsegule pakamwa, apongoziwo analowa n'kukhala pabenchi yakutsogolo penipeni.

Abale, ine ndine mkamwini, nyumba yanga ili pamalo pawo. Kuyang'anana nawo maso ndi maso sikutheka. Ndinatembenukira kubolodi, osachewukanso.

"Apulofesolo, sitikumva kuno, tatembenukani," anatero bambo wina kumbuyo.

"Ndikujambula kaye," ndinayankha.

Ndinajambula mzere wokwera ndi kutsika mpaka choko chinatha, ndikulongosolera khoma za mitengo ya mbatata. Thukuta lili kamukamu, mumtima ndikuganiza kumene ndikagone akandipitikitsa pamudzi. Ndinachita mantha zedi.

Madzulo mkazi wanga anabwera kuchokera kwa mayi ake, nkhope ili gwa.

"Amayi andituma."

Ndinayang'ana kumene kunali chikwama changa cha zovala.

"Akuti anthu onse aja atatuluka anapita kukaona banka yakufayo, ndipo munthu sangaone maliro osapepesa. Sopo watha, mchere watha." Apa anaphulika nako kuseka. "Akuti chaka chamawa mubwereze mutu womwewo, koma zilembo zikule. Ndipo adzakhalanso kutsogolo."

Apongoziwo anandipatsiranso nkhuku. Ndinaidya mosangalala, ndipo choko cha chaka chamawa ndagula kale bokosi lathunthu.