Amang Jarkasi ndi Nsomba Yothawathawa

Amang Jarkasi sankamaliza chilichonse. Kometetsa ankadzuka mutu uli theka. Kuukwati ankachoka mpunga uli m'kamwa. Chifukwa chake chinali Juragan, nsomba ya mutu wa njoka imene ankaweta m'thanki yagalasi pabalaza.

Kwathu ku Banjarmasin nsombayi timaitcha haruan, ndipo ndi ndiwo.

"Anzathu amaiika m'mbale," ankatero akazi awo, Acil Masnah. "Ife tikuonera nayo kanema."

"Taonani mawanga akewo, mayi."

"Mawanga amathera m'mafuta."

Vuto la Juragan linali kudumpha. Haruan akatuluka m'madzi safa msanga, amakwawa. Amang anaika chivundikiro, iye anachikankha. Anasanjikapo njerwa, iye anatulukira pampata wa paipi.

Lachisanu kumzikiti, ulaliki uli mkati, ankandikodola.

"Kodi njerwa ija ndabwezera?"

"Ndingadziwe bwanji, Amang?"

"Sindinabwezere."

Basi adzuka, uyo akulumpha miyendo ya anthu.

Chaka china mtsinje unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba mpaka m'mawondo, ndipo Juragan anadumphiramo. Amang anatseka zitseko, n'kutiitana tonse oyandikana nawo. Tinavuula ndi madengu pansi pa mipando kuyambira m'mawa. Masana ndinagwira haruan wonenepa kukhitchini.

Amang anamuyang'ana m'maso. "Si iyeyu."

"Mwadziwa bwanji?"

"Akundiyang'ana mwaulemu."

Acil anamukazinga, tinadya. Amang anakhala pambali akuwerenga minga m'mbale zathu, kenako anayamba kukayika. "Nanga ngati anali iyeyo, ulemuwo unali wa mantha?" Masiku atatu sanalankhule ndi aliyense wa ife. Tsiku lachinayi Juragan anapezeka mumphika kuseri kwa kabati, ndipo anawaluma chala. Amang anazungulira nyumba zonse kutionetsa balalo.

Amang atadwala mtima, anamwino anawabweza kawiri pageti la chipatala, botolo la diripi lili m'manja. Kachitatu Acil anatopa. Anakwera bwato ndi ndowa yachivundikiro yokutira nsalu, anauza mlonda kuti ndi msuzi, n'kukaiika pambali pa bedi.

"Nayu bwana wanu. Tsopano gonani."

Amang anatsitsa dzanja, n'kuliika pachivundikiro. Anagona masana onse osatembenuka. Ndinali ndisanawaonepo atakhala malo amodzi nthawi yaitali choncho. Mawa lake anamwalira.

Juragan akadali pabalaza. Acil amamuponyera ziwala uku akumulalatira, ndipo aliyense wofunsa zomuika m'mafuta amathamangitsidwa.

Njira yathu ndi ya matabwa, pamwamba pa madzi, moti munthu akathamanga makapu amagwedera m'nyumba zonse. Chimwalirire Amang, miyezi isanu tsopano makapu angoti zii. Dzulo anagwedera, ndipo tinatuluka makomo anayi nthawi imodzi. Anali mlendo wothamangira bwato. Tinayang'anana pang'ono, aliyense n'kubwerera m'nyumba.