Lole Imene Ndinasankha Ndekha

Khwiii-gwede! Kulira kwa giya yokana kulowa kumandibwererabe m'makutu ndikamadutsa ku msika wa Mbare Musika. Alipo amayi ena kumeneko amene mpaka lero amandiloza.

Makolo atamwalira ndinaleredwa ndi agogo ku Glen Norah, ndipo ndinakula wosalankhulalankhula, wongoyang'anitsitsa. Agogo pogula matimati ankayamba achotsa apamwamba kuti aone apansi. Ndinatengera zomwezo. Munthu akandisekerera kwambiri, ine ndimafunafuna pamene pawola.

Tsiku lina abwana anga a pagalaja, bambo Saidi, anaganiza zogula lole yokokera magalimoto owonongeka. Ananditenga ku Graniteside.

"Woyendetsa ndiwe, usankhe wekha," anatero. "Ukaisamala, ntchitoyi ndi yako."

Malole anali awiri, ya otomatiki ndi ya magiya apamanja. Wogulitsa anathamangira ya otomatiki n'kumaisisita ngati mwana.

"Mukoma, iyi imaganiza yokha! Pamtunda sibwerera m'mbuyo, mwendo wanu umangopuma."

Ndinamuyang'ana m'maso. Akuitamiranji chonchi? Nanga inayo waiimikiranji kuseri, osaitchula n'komwe? Ndinazindikira msanga kuti yabwinoyo akusungira m'bale wake.

"Bambo, titenge yakuseriyo," ndinanong'oneza.

"Kilachi umaidziwa bwino?"

"Kwambiri."

(Laisensi ndinatengeradi pa magiya apamanja. Koma zaka zonse zotsatira ndinkangosuntha timagalimoto ta otomatiki ta makasitomala, mwendo wamanzere uli patchuthi.)

Ntchito yoyamba inali kombi, minibasi imene inafera pachipata cha msika womwe uja, itadzaza matumba a kabichi a mayi wina wamalonda. Ndinamangirira tcheni bwinobwino, n'kukwera. Ponyamuka, injini inazima. Kachiwiri, inazimanso. Kachitatu ndinaiwaliratu kuponda kilachi, giya inakuwa, msika wonse unatembenuka.

"Achimwene, kabichi wanga afota muli pompano!" anakuwa mayiwo. "Laisensiyo munaitola kuti?"

Manyazi atandigwira, ndinaponda mafuta mwamphamvu, kilachi nditaigwira pakatikati kuti injini isazimenso. Tinakwawa pang'ono. Kenako kunabwera fungo lonunkha chopsa, utsi ukutuluka pansi, injini ikulira koma lole osasuntha. Panjira tsopano panali magalimoto awiri akufa, omangirirana, mabasi kumbuyo akuliza mahutala.

Bambo Saidi anafika ndi lole ya anzawo kudzakoka yathuyo.

"Bambo, wogulitsa uja ndi tambwali," ndinafulumira kunena. "Anaiimika dala kuseri kuti ine ndiikhumbire." (Ndipo mpaka pano sindinasinthe maganizo.)

Ananunkhiza utsiwo, n'kundiyang'ana mwendo wamanzere kwa nthawi yaitali.

"Kilachi yapsayi inali yatsopano, ndinaiona ndekha. Woyendetsa ndipeza wina. Iwe tikamakoka uziima kumbuyo, uziuza magalimoto kuti azilambalala."

Anapisa m'thumba, anandipatsa kansalu kofiira, n'kumapita.