BP Yanga ya pa Misa ya Chingerezi

Ku tchalitchi kwathu ku Zingwangwa aliyense amadziwa kuti ndili ndi BP. Ndilibe. Mmene ndinaipezera ndi nkhani yochititsa manyazi, ndipo ndikuilemba pano podalira kuti anzanga a kumeneko sawerenga chinthu mpaka kumapeto.

Mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni anandipatsa kachipangizo kowerengera mabuku, kaja amati e-reader. Mkazi wanga, mayi a Tadala, anangokatcha kasileti, dzina n'kukhazikika. Chimene chinandigwira mtima si mabuku ake koma dikishonale. Ukakumana ndi mawu ovuta umangowakanikiza ndi chala, n'kudikira pang'ono, tanthauzo n'kutulukira pansi pake, ndi katchulidwe komwe. Osadzuka pampando, osanyambita chala, osafunsa munthu.

Dikishonale ya Chingerezi inabwera ili momwemo. Koma ine ndinali nditangolowa kumene m'gulu la owerenga mawu a Mulungu pa Misa ya Chingerezi, ndipo kumeneko chimene chimagwetsa anthu ndi mayina a mafumu ndi mizinda yakalekale. Ndiye ndinafufuza dikishonale ina ya mayina oterowo, ndinalumikiza kasileti ku kompyuta ya kuntchito ndi chingwe, n'kuiponya m'foda yake. Nditakayatsanso, inagwira. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati munthu amene waika yekha magetsi m'nyumba.

Malo anga pa gome la mawu ndinawadikira nthawi yaitali. Pa Misa imeneyi pamakhala maloya, aphunzitsi ndi anthu a kubanki, ndipo wowerenga akamapunthwa samukalipira ayi. Amangomuthokoza mwaulemu n'kumupempha kuti azithandiza kulondolera magalimoto panja. Ine zoimika magalimoto padzuwa sindinkazifuna. Choncho ndikaweruka ndinkakonzekera pa kasileti: mawu ovuta, kukanikiza, dzina lachilendo, kukanikiza. Chala chinazolowera ntchito mpaka chinasiya kufunsa mutu.

Lamlungu lina ndinakonzekera bwinobwino kuwerenga kwachiwiri. Misa ili pafupi kuyamba, a katekisti anandigwira pamkono.

"Bambo a Tadala, wa first reading sanafike, minibasi yawafera ku Soche. Mutenge zonse ziwiri."

"No problem," ndinatero, ndikukonza taye.

Pagome saloleza zipangizo. Pamakhala buku lalikulu lapepala lija lokhala ndi riboni. Ndinayamba bwino kwambiri, mawu akuya, ndikumadzutsa maso pothera chiganizo monga anatiphunzitsira. Kenako pakati pa tsamba ndinakumana nalo: dzina la mfumu ina, lalitali ngati mzere wa mafuta pa filling station.

Ndikanatha kulimeza mofulumira n'kupitirira, monga amachitira anzanga onse, ndipo palibe akanadziwa. Koma chala chinali chitafika kale. Ndinalikanikiza dzinalo, n'kudikira.

Sipanatuluke kanthu.

Ndinaganiza kuti mwina ndakanikiza mopepuka. Ndinapukuta chala pa jekete n'kukanikizanso, ulendo uno mwamphamvu. M'tchalitchi monse munali zii. Ine maso pa tsamba, mtima uli m'malo, ndikungoti lero kakuchedwa bwanji kameneka. Mpaka ndinakanikizako mawu ena apafupi, kuti ndione ngati vuto ndi dikishonale yatsopano ija kapena kasileti konse.

Nzeru zitabwerera ndinapeza ndaima pamaso pa mpingo wonse, nditawerama, chala chili pa pepala, thukuta lili kamukamu, maikolofoni ikuulutsa kupuma kwanga. Ndinachita mantha enieni. Ngakhale mzere umene ndinalekezera sindinauonenso.

Ndiye kunamveka mawu a mayi a Tadala kuchokera ku mabenchi akumbuyo.

"Ndi BP imeneyo! Agwireni asanagwe."

Amuna awiri anandigwira m'khwapa. Kwaya inayambitsa nyimbo kuti itseke mpata. Apa m'pamene ndikananena kuti ndili bwino, ndisiyeni. Koma akanandifunsa kuti nanga munaimiranji? Ndinaganiza za magalimoto aja, n'kulefula mawondo.

Anandikhazika m'sakristiya, m'chipinda chovaliramo ansembe, n'kundivula taye ndi nsapato, amayi akundikupiza ndi zitenje. Kenako anafika Mayi Fombe, nesi wopuma ntchito amene amayenda ndi makina oyezera BP m'chikwama monga ena amayendera ndi korona. Anandimanga mkono n'kupopa.

"Yakwera zedi," anatero. "Chizungulire mwayamba kuchimva liti?"

"Pompano, mayi."

Pamenepo sindinaname. Manyazi nawonso amathamangitsa magazi.

"Dzanja linaumira pa buku, ndinaona ine ndi maso angawa. Stroke imayamba choncho. Mchere basi, bambo. Kanyenya basi. Ndipo ya Loweruka ija," anatero akupendeketsa dzanja kukamwa, "iyonso basi."

Misa itatha Bambo Mfumu anabwera kudzandisanjika dzanja. Anati ndine munthu wolimba mtima, amene sindinafune kuchotsa chala pa mawu a Mulungu ngakhale thupi likukana. Anatinso malo anga pagome palibe amene awatenge. Ndinawerama modzichepetsa, mumtima ndikuti zatha bwino.

Zinali zisanayambe. Kunyumba ndiwo zinayamba kubwera zozizira, mchere osaponyamo ngakhale kambewu. A limana lathu, kagulu ka Akhristu a m'dera mwathu, anabwera kudzandipempherera atanyamula nthochi ndi mandimu, n'kudya nkhuku imene ine ndinangomva fungo lake. Wa kanyenya wa pa siteji, amene ndakhala kasitomala wake zaka zambiri, anabweza dzanja langa.

"Bwana, nkhani yanu tinaimva. Ine zopha munthu ayi."

Ngakhale kondakitala wa minibasi anayamba kundikhazika kutsogolo, akuuza anthu kuti madalawa asapanikizidwe.

Ndinapirira ndithu. Koma tsiku lina masana, ndikuyang'anizana ndi mbale ya nyemba zopanda mchere, ndinagonja. Mayi a Tadala anali pampando wina akusenda mbatata.

"Mayi a Tadala, ndikuuzeni chilungamo. Tsiku lija sinali BP. Ndinkadikira kuti buku lindipatse katchulidwe ka dzina, ngati kasileti."

Sanasiye n'komwe kusenda.

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa?"

"Nanga si ndimakuonani mukukanikiza nyuzipepala pakhondepo? Ngakhale kalendala ya kukhitchini munaikanikizapo. Nditangoona chala chija ndinati bambowa atha basi, ndiwapulumutse."

Sindinadziwe ngati ndithokoze kapena ndikwiye.

"Chabwino, zikomo. Ndiye poti mukudziwa kuti sindikudwala, bweretsani mchere."

"Limana lonse likudziwa kuti muli ndi BP, ndipo amene anakuwa ndine. Mukufuna ndioneke wabodza m'nyumba ya Mulungu?" Anaika mpeni pansi. "Mchere uli m'kabatimo, sindinabise. Koma mukathira, Lamlungu tipitire limodzi kwa Bambo Mfumu, mukawafotokozere nokha kuti munaimitsa Misa podikira kuti pepala likuyankheni."

Ndinayang'ana kabati. Ndinayang'ana nyemba. Ndinadya.

Mpaka lero ndimawerengabe pa Misa ya Chingerezi, manja onse awiri ali kumbuyo, ndipo anthu amati ndi ulemu. Munthu akamakupulumutsa pagulu, uziyamba wamufunsa kuti kunyumba uzikadya chiyani.