Amuna Anga Alembedwe Kuti Ndi Mwana

Kwa Olemekezeka Bambo Wapampando wa Komiti Yosankha Mabuku pa Laibulale Yathu,

Bwana, pepani kuti munthu wosoka makatani ngati ine ndikukulemberani kudzera m'nyuzipepala. Ndinabwera ku ofesi kwanu, koma mlembi wanu anati muli m'kati mukuganiza. Ndinabwerera pakhomo, kuopa kuti maganizo a dziko angadukire panjira chifukwa cha nkhani ya kunyumba kwanga.

Amuna anga anali dalaivala wa malole a maulendo ataliatali. Matenda a shuga anawalanda maso, ndiye pano amangokhala pakhonde, wailesi pamwendo. Dzuwa likapendeka ndimafunditsa makina osokera n'kuwawerengera buku. Nkhani yomwe yatigwira mtima ili m'mabuku atatu, ya mayi wina woyendetsa chombo chonyamula katundu pakati pa nyenyezi. Bambo akunyumbawa amamutenga ngati mnzawo wa pamsewu. Amakangana naye pa nkhani ya mafuta, amamudzudzula akapakira katundu mopyola muyezo, ndipo tsiku lina ananyanyala chakudya chifukwa mayiyo ananyamula munthu wosamudziwa panjira. Buku lachiwiri linathera poti injini yazima, chombo chikungoyandama mumdima, kwawo kuli kutali. Lachitatu ndi lomwe munatichotsera pashelefu, ndipo ndalemba kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chidziwitso chomwe munamata pachitseko, chakuti nkhani za zinjoka zouluka, anthu achitsulo ndi zombo za kuthambo si mabuku enieni, n'chifukwa chake zasamutsidwira ku kona ya ana. Ife sitinkadziwa kuti n'zopeka. Tinkangoti mwina chombocho chimadutsa ife tili m'tulo. Mwatitsegula mitu, Bwana.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha lamulo loti buku la ku kona ya ana lizibwerekedwa ndi khadi la mwana basi. Mwana wathu womaliza ali ndi ndevu, dazi layamba kale. Kusitolo ya mabuku anandiuza kuti amangoitanitsa a mayeso. Mayi wa pakauntala panu, munthu wachifundo, anandinong'oneza kuti kuwerengera pomwepo sikoletsedwa. Ndiye ndinawaveka bambo jekete lawo la kutchalitchi n'kuwagwira dzanja mpaka kumeneko.

Timipando ta kumeneko munasankha mwanzeru. Munthu amene ankakwera chilole chogwedeza misewu anakhala pa kampando kofiira, mawondo m'chibwano, pansi pa chithunzi cha bakha wovala chipewa. Nditangotsegula pakamwa, belu linalira, akuti mulaibulale salankhula. Ndinayesa kunong'ona, koma khutu lawo limodzi linatha ndi phokoso la injini, linalo linali kukhoma. Podzuka, kampandoko kanadzuka nawo limodzi katakanirira kumbuyo. Ana anaseka mpaka kugubuduka pamkeka. Nanenso ndinaseka, ndisaname, koma titafika kunyumba ndinakalirira kubafa kuti asandimve.

Chachitatu, ndiyamike shelefu yatsopano ya mabuku ozama, yomwe ili pamalo pomwe pankakhala zabodza zija. Ndinasankhapo lolemba inuyo, poti ndi lomwe lili pakati, pachikuto pali chithunzi chanu mutagwira chibwano. Ndinapeza kuti anthu amalilemekeza kwambiri bukuli, masamba ake anali akadali omatana, likununkhira ku fakitale. Ndi nkhani ya bambo wina amene wakhala pawindo, kuyang'ana mvula, akusinkhasinkha kuti moyo n'chiyani. Amuna anga anamvetsera mwaulemu. Anafunsa ngati bamboyo ali pa ntchito. Kenako anafunsa ngati ali ndi miyendo. Pomaliza anati ndiwadzutse munthuyo akaimirira. Ndadutsa theka la buku, mvula sinakate, ndipo amuna anga akugona bwino kuposa kale.

Paja pa mwambo wotsegulira shelefuyo munati munthu wamkulu aziwerenga za moyo weniweni. Zoonadi. Kungoti moyo weniweniwo kwathu ulipo wodzaza nyumba. Uli m'kabotolo ka mapiritsi pa kabati, uli pamzere wa kuchipatala, uli m'mapazi omwe ndimawayang'ana m'mawa uliwonse kuti mwina mwatuluka bala. Komiti yanu ikaufuna nditha kuibwereka popanda khadi. Munthu wokhala pampando tsiku lonse n'kumaganiza ndili naye kale, Bwana, sindifunikanso kukamubwereka kulaibulale.

Chomwe tilibe ndi msewu. Ndikamawerenga za chombo chija, manja a bambo amayamba kuyenda okha ngati agwira chiwongolero, phazi n'kumafufuza buleki pansi pa mpando. Nthawi imeneyo sakhala wodwala. Amakhala dalaivala, amandiuza kuti ndiwerenge mofulumira pamtsetse, pang'onopang'ono pokhota. Ine mwamuna ameneyu ndimamusowa, ndipo ndimamupeza m'buku lomwe inu mwati ndi la ana.

Ndinayesako kupeka ndekha mathero. Ndinatenga buku la mitundu ya nsalu, n'kumatembenuza masamba mokweza, ndikunena kuti mayi uja anafika kwawo bwinobwino, abale ake anamulandira ndi nthungululu. Bambo anangofunsa kuti injini inalira bwanji. Ndinati inangolira. Anaseka n'kundiuza kuti ndibwerere ku makatani. Apo mpomwe ndinadziwira kuti zabodzazi nazonso zimafuna mutu, ngakhale sindikukayika kuti inu mukanafuna mukanalemba zotere musanamalize kapu ya tiyi. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamachokera kutauni amamvetsera ngati m'chikwama mwanga muli cholemera.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Sindikuti mubweze mabukuwo pomwe anali, ndine yani ine. Ndikungopempha kuti komiti yanu ikhale pansi, iwalembe amuna anga kuti ndi mwana, iwapatse khadi. Eni ake avomera, ati ngakhale kabudula avala pojambulitsa chithunzi. Umboni ulipo: ndimawadula zikhadabo, ndimawawolotsa msewu, ndimawabisira shuga pamwamba pa kabati.

Koma mukaona kuti limenelo ndi bodza, poti inu ndi bodza simumwerana madzi, ndiye chonde dzafikeni pakhonde pathu madzulo ena. Mudzawauze nokha bambowa kuti mayi akumudikirira uja kulibe, chombo kulibe, asiye kutchera khutu. Ineyo mawu amenewo akundikanika pakamwa, poti sindinaphunzire ngati inu.

Ndine wanu wosazama,
Mayi wosoka makatani, kuseri kwa siteji ya basi