Tsiku Limene Mbava Inaberedwa Timakeke

Pulani inabadwira m'kabala kena kamene mipando yake inali makireti, masana dzuwa likuswa mtengo. Mwini pulaniyo anali Injiniya, munthu amene sukulu anangoisuzumira pazenera koma ankayenda ndi pensulo kukhutu. Anakankhira mabotolo pambali, n'kuviika chala m'mowa wotayikira patebulo, n'kuyamba kujambula nyumba.

"Apa geti. Apa khomo. Awa masitepe opita m'mwamba. Mawa m'mawa m'nyumba imeneyi simukhala ngakhale mphaka."

"Mwadziwa bwanji, bigi?" anafunsa Livesi, dalaivala wa gululo, amene kagalimoto kake kankamvera bwino pobwerera m'mbuyo kusiyana ndi popita kutsogolo.

"Ndamva ndi makutu angawa kometetsa. Mayi a m'nyumbamo anathyoka fupa la m'chiuno, mawa akutuluka m'chipatala. Banja lonse likupita kukawatenga. Ife tivala maovolosi ngati okonza firiji, tilowa, titola TV ndi tina ndi tina, tituluka. Madzi akumwa, amwene."

Wachitatu anali Chotupitsa. Iyeyu poyamba sanali mbava. Anagwira ntchito ku bekale zaka zambiri, mpaka tsiku lomwe anapeza bwana wake akuthira madzi mu mkaka wa makeke, n'kumuphwanya ndi buledi pamphumi. Ntchito inathera pomwepo. Injiniya anamutola chifukwa cha zala zake zofewa, zomwe zinaphunzira kunyengerera maloko monga mmene zinkanyengererera ufa. Kuba ankaba, koma mtima wake unali usanachoke pakhomo la uvuni.

"Iwe Chotupitsa, wamva?"

"Ndamva, bigi."

"Pulani imeneyi ilibe bowo," anatero Injiniya, n'kupukuta nyumba ija ndi chigongono.

M'mawa mwake kagalimoto kanaima pamsewu, amuna atatu n'kutsika atavala maovolosi obwereka. Ya Livesi inali yoti mukanalowa Livesi wina. Chotupitsa anagwada pakhomo, n'kutulutsa kawaya kake. Asanakalowetse n'komwe, chitseko chinatseguka chokha.

Pakhomo panaima madala ovala epuloni ya maluwa, ufa uli mpaka m'nsidze. Anatsinzina maso pang'ono kuti aone bwino, chifukwa magalasi awo anali atawakhalira dzulo lake.

"Mwachedwatu, anyamata. Ndinu a ku jimu aja mwana wanga anati atumiza?"

Chotupitsa anameza kawaya m'thumba. Injiniya anameza malovu.

"Ndife omwewo, bambo."

Madalawo anamuyang'ana Livesi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Uyu wangoyamba kumene?"

"Dzana, bambo."

"Zikuoneka. Lowani."

Nkhani inali yoti mwana wawo wamkazi ankaphunzitsa anthu kunyamula zitsulo, ndipo analonjeza kutumiza ophunzira ake kuti atsitse bedi kuchokera kuchipinda cham'mwamba kubwera nalo pabalaza, popeza mayi sakanatha kukwera masitepe. Injiniya atamva zimenezi nkhope yake inawala ngati wawina mpikisano. Mbava ndi iti inapatsidwapo chilolezo cholowa kuchipinda ndi mwini nyumba?

"Ine ndi uyu tikwera," ananong'ona. "Iwe Chotupitsa, akuluwa uwatangwanitse kukhitchini. Asasuzumire."

Chimene Chotupitsa anachipeza kukhitchini chinali ngozi. Makoko a mazira pansi, nthochi yopondedwa pafupi ndi sinki, ndipo patebulo thireyi ya mabowo yodzaza tinthu takuda tooneka ngati ziboda za mbuzi. Madalawo anatenga kamodzi kuti amuonetse, kanawapulumuka, kanagwa pansi n'kunjanja ngati mpira.

"Ndi timakeke ta mabulosi," anatero mwamanyazi. "Tija amati mafini."

"Ufa munathira wanji, bambo?"

Analoza chitini chachikulu chojambulidwa munthu wa minofu ngati thumba la mbatata. Unali ufa wa mapuloteni umene anthu a ku jimu amasungunula n'kumwa.

"Wokhawu?"

"Adokotala anati mayi anu azidya zomanga thupi kuti fupa ligwirane. Ndiye ndinati bwanji ndithire zomanga thupi zokhazokha." Anakhala pampando n'kupukuta manja pa epuloni. "Mwana wanga, mkazi uja kuchipatala wakana zakudya zonse. Watha, watsala maso okha. Chomwe amakonda ndi timakeke timeneti, amaphika yekha chikwatiranireni. Ine moyo wanga wonse ndinkayendetsa basi, dzira ndinali ndisanaswepo. Ndimafuna akamalowa m'nyumba amve fungo lake. Akakananso izi, sindikudziwa kuti ndilowera kuti."

Chotupitsa anayang'ana ziboda zija. Anayang'ana madalawo. Ntchito yake inali yongowacheza basi, koma anapezeka akupinda manja a ovolosi.

"Pepani bambo, tasunthani pang'ono. Sopo ali kuti?"

Pamasitepe zinthu zinali zitavuta. Bedi linali lakalekale, la mtengo weniweni, ndipo linakakamira pakona. Injiniya anali kumtunda akulamula, Livesi kumunsi akulemedwa.

"Pinda kumanzere."

"Kumanzere kwanu kapena kwanga, bigi?"

"Kumanzere ndi kumanzere, iwe."

Bedi linapinda kumanja, n'kumukanikizira Injiniya kukhoma mpaka pensulo inagwa.

Kukhitchini Chotupitsa anali atasanduka munthu wina. Anasakaniza ufa wa tirigu, oti wa phala wogayidwa ndi ufa wa mapuloteni wongokwanira, n'kuwaza chotupitsa ndi kamchere. M'mbale ina anaphwanya nthochi zakupsa kwambiri, anaswera mazira, anathira uchi, timafuta ndi yogati wambiri.

"Ufa wa anyamata a zitsulowu umamwa madzi ngati chidakwa," anafotokoza. "Popanda yogati mutafuna matayala. Tsopano penyani apa. Zamadzi zikakumana ndi zouma, simutakasa. Mumangopinda, pang'onopang'ono, ngati mukufunditsa khanda. Ufa ukangobisika, siyani. Timibulu tisiyeni, si adani anu."

Anatulutsa mabulosi m'firiji, anawagubuduza mu ufa pang'ono kuti asamire pansi, n'kuwalowetsa mofatsa. Ena anasiya oti aike pamwamba, aoneke. Madalawo ankangogwedeza mutu, koma mmene ankagwedezeramo zinkaoneka kuti mawu akulowera khutu ili n'kutulukira linali.

Thireyi italowa mu uvuni, Chotupitsa anakoka mpando n'kukhala patsogolo pake ngati mlonda.

Posakhalitsa Injiniya anasuzumira, thukuta lili kamukamu. Bedi linali litafika pabalaza, ndipo Livesi anali ataima kuseri kwa chitseko atakumbatira TV ya kuchipinda. Madala anali atapita kukayala nsalu pabedi, osaona kanthu.

"Dilu yatheka. Tiyeni."

"Sizinapse, bigi."

"Chiyani sichinapse?"

"Timakeke."

Injiniya anatseka maso ngati akupemphera. "Aise, galimoto ili panja. Katundu ali m'manja. Tsegula uvuniwo, utenge zinthu zakozo, tizipita."

"Uvuni sutsegulidwa pakati pa ntchito. Tingaphwe."

"Tiphwa ndife, iwe."

Koma fungo linali litayamba kuyenda m'nyumbamo, fungo la uchi ndi mabulosi ophulika ndi moto. Linamupeza Injiniya, amene anadzuka osadya kanthu, n'kumukokera kufupi ndi uvuni. Livesi naye anatulukira ndi TV yake, mphuno ili patsogolo.

"Chabwino," anatero Injiniya. "Tilawe kamodzikamodzi, kenako ulendo."

Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chotupitsa anatulutsa thireyi, anabaya kamodzi ndi kamtengo kotokosera mano, kanatuluka koyera. Timakeke tinali titatupa bwino, tofiirira pamwamba, madzi a mabulosi akuyenderera m'mbali. Injiniya anatambasula dzanja, Chotupitsa n'kulimenya.

"Tizizire kaye."

Hutala ya galimoto inalira pageti.

Madala anathamangira panja akuitana mkazi wawo. Mbava zinathamangira khomo lakuseri, n'kupeza lili ndi loko wamkulu ngati chibakera, ndipo nthawi ya kawaya panalibe. Injiniya ndi Livesi anakwawira pansi pa bedi lomwe analitsitsa okha, TV ili pakati pawo. Chotupitsa analowa m'kachipinda kosungira zakudya, n'kudzipanikiza pakati pa thumba la mpunga ndi tsache. Pa mng'alu wa chitseko ankaona pabalaza ponse.

Analowa mphunzitsi wa zitsulo uja, mkazi wa mapewa ngati kabati. Pambuyo pake zimphona ziwiri zitanyamula mayi okalamba pampando ngati zanyamula kapu ya tiyi. Zinawagoneka pabedi mosamala.

"Adadi, bedili mwatsitsa ndi ndani?" anafunsa mwanayo. "Anyamata anga ndi awa, ndinaganiza zopita nawo kuchipatala kaye."

Madalawo anayang'ana zimphona. Anatembenukira kukhitchini, kumene anyamata ena aja anali atazimirira ngati utsi. Kenako maso awo anagwera pa mbale ya timakeke yomwe anali atainyamula kale m'manja. Chotupitsa anaona nkhope ya munthu amene akuwerengera kuti akatchula alendo, atchulanso wophika.

"Anansi," anatero madalawo. "Anthu abwino kwabasi. Apita."

Chotupitsa anapuma. Chomwe chinatsala chinali kudikira kuti anthu atangwanike, aliyense n'kutuluka mwakachetechete.

Mayi aja anali ataonda zoona, manja ngati timitengo. Ananunkhiza mpweya. Anatenga kakeke kamodzi, anakanyema pakati, nthunzi n'kutuluka. Analuma. Anatafuna, anameza, analumanso. Atamaliza anatambasula dzanja kufuna kena, ndipo mwana wawo, mkazi wokweza zitsulo zolemera kuposa njinga yamoto, anatembenukira kukhoma kupukuta misozi.

Kuseri kwa chitseko chifuwa cha Chotupitsa chinatupa kuposa timakeke take.

"Amuna anga," anatero mayiwo, "mwaphika ndinu?"

"Ndi manja angawa, mayi."

Chotupitsa analuma mlomo. Palibe kanthu, anadziuza. Munthu ali pantchito.

"Ine chiphikireni sindinatulutsepo tofewa chonchi. Mwachita bwanji?"

Madalawo anakonza epuloni, n'kutsokomola ngati mphunzitsi. "Chinsinsi ndi kutakasa. Kutakasa mwamphamvu mpaka mkono kuwawa, pasatsale kambulu ngakhale kamodzi. Ufa wa mapuloteni osaumira, kungokhuthula. Uvuninso kumautsegulatsegula, kuti mpweya uzilowa."

"Yogati munathira?"

"Yogati wa chiyani? Zimenezo ndi za anthu osadziwa."

Chimphona china chinagwedeza mutu. "Zikomo madala. Ine ndikayesa lero lomwe, ndikaphikire mkazi wanga."

"Limenelo ndi bodza."

Mawuwo anachokera m'kachipinda ka zakudya. Aliyense anatembenuka. Chitseko chinatseguka, tsache linagwa, n'kutuluka munthu wa ovolosi, mpunga uli m'tsitsi.

"Achimwene, musakayerekeze. Mukatakasa choncho mkazi wanu akakusiyani. Mumapinda, simutakasa. Yogati ndinathira, wambirinso. Uvuni sunatsegulidwe ngakhale kamodzi, ndinaulondera ndekha."

"Inu ndinu ndani?" anafunsa mphunzitsi wa zitsulo, akuvula wotchi n'kuiika patebulo.

"Ndine amene ndaphika."

"Munthu uyu sindikumudziwa," anatero madala, maso ali kudenga.

"Simukundidziwa? Bambo, ndi imvi zimenezi? Ine ndaima pamoto, inu mukundibera ntchito yanga masana ano, anthu akuona? Mboni ndili nazo. Funsani anzanga ali pansi pa bedipo, anaona ndi maso awo."

Pansi pa bedi panamveka kubuula kwa munthu amene pulani yake yafa ali moyo.

Zimphona zinayang'anana. China chinagwira kumutu, china kumiyendo, n'kukweza bedi lonse m'mwamba, mayi ali pomwepo akutafuna. Pansi panali Injiniya ndi Livesi atakumbatirana, TV ili pakati ngati mwana wawo woyamba.

"Timaiyesa ngati imagwira bwino ikakhala pansi," anatero Injiniya.

Livesi anayesa kukwawa chobwerera m'mbuyo, n'kukafikira pamiyendo ya mphunzitsi wa zitsulo, amene anamutola ndi dzanja limodzi osasiya kuimba foni.

Podikira apolisi, atatuwo anawakhazika pasofa, chimphona uku chimphona uku. Injiniya sanamuyang'ane Chotupitsa ngakhale kamodzi, ankangoyankhula ndi khoma kuti mbava anagwirapo nazo ntchito zambiri, zoledzera, zamantha, zaulesi, koma yodziitanira mboni anali asanaionepo. Mayi aja analibe nazo ntchito zimenezo. Anamuitana Chotupitsa kuti asendere pafupi, n'kumufunsa za oti, za nthochi, ndi chifukwa chake mabulosi sanamire. Iye anayankha zonse mwaulemu, akusonyeza ndi manja mmene amapindira. Pamene galimoto ya apolisi imafika, mayiwo anali atamaliza kachitatu ndipo anali akufunsa ngati m'nyumbamo muli mkaka.

Apolisi akukweza atatuwo m'galimoto, madala anatuluka mothamanga, epuloni ikuuluka. Anayang'ana kumbuyo kuona ngati mkazi wawo sakumva, n'kusendera pawindo.

"Mwana wanga," ananong'ona, "mayi anu akuti mawa ndiphikenso. Moto wa uvuni uja unauika pati?"

Chotupitsa anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anakonza unyolo m'manja mwake, n'kutembenukira kwa wapolisi.

"Bwana, tiyeni tizipita. Ine anthu akuba sindiyankhula nawo."